Fayilo Ikakana Kutseguka: Zimene Zilembo za Kumapeto kwa Dzina Lake Zimanena ndi Zimene Zimabisa

Mwa mafayilo onse amene amayenda tsiku ndi tsiku kudzera pa imelo, pa WhatsApp ndi pa fulashi, ambiri amatseguka wolandirayo asanaganizeko n'komwe, chifukwa foni kapena kompyuta imakhala ikudziwa kale pulogalamu yowatsegulira. Vuto limayamba pamene fayilo yafika ndi dzina lothera ndi zilembo zachilendo monga .heic, .rar, .opus kapena .dat, ndipo m'malo moonetsa chithunzi kapena kalata imene munthu amayembekezera, makinawo akungotulutsa kabokosi kofunsa pulogalamu imene ayenera kugwiritsa ntchito. Apa ndi pamene anthu ambiri amasowa mtengo wogwira, moti ena amaganiza kuti fayiloyo ndi yowonongeka n'kuifufuta, pomwe ena amathamangira pa intaneti n'kulowetsa m'kompyuta mwawo pulogalamu iliyonse yolonjeza kutsegula chilichonse, zimene kawirikawiri zimawabweretsera mavuto aakulu kuposa amene anali nawo poyamba.

Zilembo zimene zimabwera pambuyo pa kadontho komaliza m'dzina la fayilo zimatchedwa extension, ndipo ntchito yake ndi kuuza makina mtundu wa zinthu zimene zili m'fayilomo komanso ndondomeko imene zinthuzo zinasanjidwira. M'dzina lakuti lipoti.pdf, mawu akuti lipoti analembedwa kuti athandize munthu kukumbukira zimene anasunga, pamene zilembo zitatu zomalizazo zinalembedwa kuti zithandize kompyuta kusankha pulogalamu. Chofunika kuchimvetsa bwino n'chakuti zilembo zimenezi ndi mbali chabe ya dzina, ndipo munthu aliyense angathe kuzisintha m'kanthawi kochepa, kotero zimanena zimene fayilo ikudzitcha, osati zimene ilidi. Munthu amene wamvetsa kusiyana kumeneku amatha kutsegula mafayilo ambiri amene ena amawataya, ndiponso amatha kupewa mafayilo oopsa amene ena amawatsegula mosazindikira.

Kumene mwambowu unachokera

Kugawa dzina la fayilo m'zigawo ziwiri kunayamba pa makompyuta akuluakulu a m'zaka za m'ma 1960, koma kunafala kwambiri kudzera mu CP/M, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Gary Kildall analemba ku America mu 1974. Mu CP/M dzina la fayilo silinkaloledwa kupitirira zilembo zisanu ndi zitatu, ndipo pambuyo pa kadontho pankaloledwa zilembo zitatu zokha. Lamulo lomweli linalowanso mu MS-DOS ya kampani ya Microsoft, imene inatuluka limodzi ndi kompyuta ya IBM PC mu 1981, ndipo linagwira ntchito mpaka pamene Windows 95 inalola maina otalika kufika zilembo 255. N'chifukwa chake mpaka lero chithunzi cha mtundu umodzi chimapezeka ndi .jpg kapena .jpeg, ndipo tsamba la pa intaneti limapezeka ndi .htm kapena .html, popeza zilembo zofupikitsidwazo ndi zotsalira za nthawi imene chilembo chachinayi chinalibe malo.

Si onse opanga makompyuta amene anatsata njira imeneyi. Macintosh ya kampani ya Apple, imene inatuluka mu 1984, inkasunga mtundu wa fayilo pamalo obisika, pogwiritsa ntchito zizindikiro ziwiri za zilembo zinayizinayi, china chonena mtundu wa fayilo ndipo china chonena pulogalamu imene inaipanga. Nayo Unix, imene Linux inatengerako kapangidwe kake, siidalira kwenikweni mapeto a dzina, ndipo ili ndi lamulo lotchedwa file limene limasuzumira m'kati mwa fayilo n'kunena chimene lapeza. Pa imelo ndi pa masamba a intaneti pamagwiranso ntchito njira ina yotchedwa MIME, imene inakhazikitsidwa mu 1992, yomwe imatumiza fayilo limodzi ndi mawu ofotokoza mtundu wake monga image/jpeg kapena application/pdf, ndipo mawu amenewa ali ndi kaundula wake amene amasungidwa ndi bungwe la IANA.

Ma extension enieniwo alibe kaundula wotere, ndipo palibe bungwe limene lili ndi mphamvu zoletsa opanga mapulogalamu awiri kusankha zilembo zofanana. Zotsatira zake n'zakuti fayilo yothera ndi .key ingathe kukhala chionetsero cha zithunzi chopangidwa ndi Keynote ya Apple kapena kiyi yachinsinsi yotetezera uthenga, fayilo ya .pub ingathe kukhala kapepala kopangidwa ndi Microsoft Publisher kapena mtundu winanso wa kiyi, pamene .ts ingathe kukhala kanema kapena malamulo a pulogalamu olembedwa m'chinenero cha makompyuta cha TypeScript. Zilembo za .dat ndi .bin ndiye sizinena kanthu kenikeni, chifukwa mapulogalamu ambirimbiri amazigwiritsa ntchito posunga zinthu zawo m'njira zosiyanasiyana. Choncho kufufuza tanthauzo la zilembozo pa intaneti ndi chiyambi chabwino, koma yankho lake liyenera kuyerekezeredwa ndi kumene fayiloyo yachokera komanso ntchito ya munthu amene waitumiza.

Mmene makina amasankhira pulogalamu

Pulogalamu iliyonse ikamalowetsedwa m'kompyuta imalembetsa mitundu ya mafayilo imene ingathe kutsegula, ndipo Windows imasunga mndandanda umenewu m'kaundula wake wa m'kati wotchedwa Registry. Munthu akadina kawiri pa fayilo, Windows siwerenga zimene zili m'katimo, koma imangoona zilembo za kumapeto, n'kuyang'ana pa mndandanda uja, kenako n'kuitana pulogalamu imene inalembetsa zilembozo. Uthenga wofunsa pulogalamu yotsegulira fayilo umangotanthauza kuti pa mndandandawo palibe pulogalamu imene inalembetsa zilembo zimenezo, ndipo sukutanthauza kuti fayiloyo ili ndi vuto. Nthawi zambiri pulogalamu yoyenera imakhala ilimo kale m'kompyutamo, ndipo ingathe kusankhidwa podina fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha mawu akuti Open with.

Apa ndi pamene pamachokera chikhulupiriro cholakwika chakuti kusintha zilembo za kumapeto kumasintha mtundu wa fayilo. Thumba la feteleza limene mlimi wasungiramo chimanga limakhalabe ndi mawu a feteleza kunja kwake, koma mawuwo sasintha chimangacho, ndipo kulemba mawu ena pathumbapo sikungasinthenso zimene zili m'katimo. Momwemonso, munthu amene wasintha dzina la chithunzi.heic kukhala chithunzi.jpg wangosocheretsa kompyuta, chifukwa manambala amene ali m'fayilomo akadali osanjidwa m'ndondomeko yakale ija. Kusintha kwenikweni kumachitika pokhapokha pulogalamu yodziwa mitundu yonse iwiri ikawerenga fayiloyo n'kuilembanso mwatsopano, zimene zimachitika kudzera pa Save As kapena Export. Kusintha dzina kumathandiza makamaka pamene fayilo inapatsidwa zilembo zolakwika kapena inataya zilembo zake pa ulendo.

Mafayilo amene amasokoneza anthu kawirikawiri

Zithunzi zothera ndi .heic zinayamba kuchuluka mu 2017, pamene Apple inatulutsa iOS 11 n'kuyamba kusunga zithunzi za pa iPhone m'njira imene imadya malo ochepa kuyerekeza ndi JPEG, mtundu wakale umene unakhazikitsidwa mu 1992. Makompyuta a Windows amatha kuzitsegula akalowetsedwa tizigawo totchedwa HEIF Image Extensions ndi HEVC Video Extensions tochokera mu Microsoft Store, ngakhale kuti njira yachidule ndi yakuti mwini iPhone apite pa Settings, kenako Camera, kenako Formats, n'kusankha Most Compatible kuti foni yake izijambula zithunzi za JPEG. Zithunzi za .webp, mtundu umene Google inatulutsa mu 2010 pofuna kuti masamba a intaneti azitseguka msanga, zimatseguka m'pulogalamu iliyonse yamakono yoonera masamba a intaneti monga Chrome, Firefox kapena Edge. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp akasamutsidwira m'kompyuta amaoneka ndi .opus, njira yopanikizira mawu imene inavomerezedwa ndi bungwe la IETF mu 2012, ndipo amamveka bwinobwino mu VLC, pulogalamu yaulere imene inayambitsidwa ndi ophunzira a pa École Centrale Paris ku France ndipo imasewera pafupifupi mitundu yonse ya nyimbo ndi makanema.

Gulu lina ndi la mafayilo amene ntchito yake ndi kunyamula mafayilo ena atawapanikiza kuti achepe, monga .zip, .rar ndi .7z. Mtundu wa ZIP unayambitsidwa ndi Phil Katz mu 1989, wa RAR unapangidwa ndi Eugene Roshal mu 1993, ndipo pulogalamu yaulere ya 7-Zip, imene Igor Pavlov anatulutsa mu 1999, imamasula mitundu yonse itatuyi pamodzi ndi ina yambiri. Kuyambira mu 2023, Windows 11 inayamba kumasula yokha mafayilo a .rar ndi .7z, koma makompyuta akale amafunabe pulogalamu yapadera. Fayilo yaikulu nthawi zina imaduladulidwa m'zigawo zokhala ndi maina monga .part1.rar ndi .part2.rar kapena .7z.001 ndi .7z.002, ndipo zikatero zigawo zonse ziyenera kuikidwa mufoda imodzi, chifukwa chigawo chimodzi chikasowa zonse zimakana kumasuka.

Palinso mafayilo amene sanapangidwe kuti munthu awatsegule. Fayilo yothera ndi .crdownload imasiyidwa ndi Chrome, ndipo ya .part imasiyidwa ndi Firefox, pamene kutsitsa fayilo pa intaneti kwadukira panjira chifukwa netiweki yathawa, bandulo yatha kapena magetsi azima, kotero mankhwala ake ndi kuyambiranso kutsitsako. Fayilo ya winmail.dat, imene imadabwitsa anthu ambiri m'maofesi, imabwera pamene wotumiza akugwiritsa ntchito Microsoft Outlook itatcheredwa kutumiza makalata mu Rich Text, njira imene mapulogalamu ena a imelo saimva, ndipo vutoli limatha wotumizayo akasintha n'kuyamba kutumiza mu HTML kapena m'malemba wamba. Mafayilo othera ndi zilembo monga .crypt14 ndi nkhokwe ya macheza a pa WhatsApp imene inatsekedwa ndi kiyi yachinsinsi, ndipo amawerengedwa ndi WhatsApp yokhayo pobwezeretsa macheza m'foni.

Fayilo ya .csv imafuna kusamala kwa mtundu wina, chifukwa imatseguka mosavuta koma ingathe kuwonongeka potsegulapo. Imeneyi ndi fayilo ya malemba wamba imene imasunga mndandanda, mzere uliwonse pawokha, zigawo zake zitalekanitsidwa ndi makoma, ndipo mabanki, masukulu ndi mabungwe amaigwiritsa ntchito posamutsa maina ndi manambala. Ikatsegulidwa mwachindunji mu Excel, pulogalamuyo imatenga nambala ya foni ngati nambala yowerengera, n'kuchotsa ziro woyambirira, moti nambala za ku Malawi zoyamba ndi 088 kapena 099 zimaoneka zikuyamba ndi 88 kapena 99. Manambala otalika kupitirira madijiti 15, monga a maakaunti ena, amasinthidwanso kumapeto kwake, ndipo munthu akasunga fayiloyo ili choncho zolakwikazo zimakhazikika. Njira yoyenera ndi kutsegula Excel kaye, kupita pa Data, kusankha From Text/CSV, n'kuuza pulogalamuyo kuti mizati ya manambala oterewa iitenge ngati malemba.

Umboni umene uli m'kati mwa fayilo

Pamene zilembo za kumapeto palibe, kapena zikukayikitsa, yankho limapezeka pa chiyambi penipeni pa fayiloyo. Mitundu yambiri ya mafayilo imayamba ndi zizindikiro zochepa zosasintha, zimene akatswiri amazitcha magic number kapena file signature, ndipo mapulogalamu amazigwiritsa ntchito potsimikiza kuti alandira chinthu choyenera. Munthu wamba angathe kuziona pokopera fayiloyo pambali n'kutsegula kopeyo mu Notepad, m'mene mudzaoneka zilembo zambirimbiri zosamveka, koma zoyambirira zenizeni pakona yakumanzere kumwamba nthawi zambiri zimawerengeka. Fayilo ya PDF imayamba ndi %PDF, chithunzi cha PNG chimaonetsa zilembo za PNG pambuyo pa chizindikiro chimodzi chachilendo, chithunzi cha GIF chimayamba ndi GIF87a kapena GIF89a, fayilo ya RAR imayamba ndi Rar!, ndipo mawu a .opus amayamba ndi OggS. Chofunika kukumbukira n'chakuti fayilo yotsegulidwa motere siyenera kusungidwanso mu Notepad, chifukwa kutero kumaiwononga, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi imachitikira pa kope.

Zizindikiro ziwiri mwa zimenezi zili ndi mbiri ya anthu amene anazipanga. Fayilo ya ZIP imayamba ndi PK, zilembo zoyamba za dzina la Phil Katz, pamene pulogalamu iliyonse ya Windows ya mtundu wa .exe imayamba ndi MZ, zilembo zoyamba za dzina la Mark Zbikowski, mmodzi mwa akatswiri a Microsoft amene anagwira ntchito pa MS-DOS. Kudziwa zilembo ziwiri za MZ kungathe kupulumutsa kompyuta, chifukwa fayilo imene ikudzitcha kalata kapena chithunzi koma ikuyamba ndi MZ ndi pulogalamu imene yavala dzina la chinthu china. Amene amagwira ntchito ndi mafayilo ambiri akale angathe kugwiritsa ntchito DROID, pulogalamu yaulere ya The National Archives ya ku Britain, imene imayerekeza fayilo ndi zizindikiro zosungidwa m'kaundula wa bungweli wotchedwa PRONOM.

Zilembo za PK zimapezekanso pa chiyambi pa mafayilo amene ambiri sangawaganizire. Kuyambira pa Office 2007, Microsoft inasiya kudalira mitundu yakale ya .doc, .xls ndi .ppt n'kuyamba kugwiritsa ntchito .docx, .xlsx ndi .pptx, ndipo mafayilo atsopanowa kwenikweni ndi ZIP yonyamula timafayilo tambiri. Munthu akakopera kalata ya .docx, n'kusintha mapeto a kopeyo kukhala .zip, kenako n'kuimasula, amapeza foda yotchedwa word, ndipo m'menemo muli fayilo ya document.xml yosunga mawu onse a kalatayo komanso foda ya media yosunga chithunzi chilichonse pachokha. Njira imeneyi imathandiza kupulumutsa mawu ndi zithunzi m'kalata imene Word yakana kuitsegula. Mabuku a .epub, makalata a .odt ndi mapulogalamu a foni a .apk nawonso anamangidwa pa maziko omwewa a ZIP.

Pamene dzina likunama dala

Popeza anthu amakhulupirira dzina, akuba a pa intaneti anaphunzira kale kuligwiritsa ntchito ngati nyambo, ndipo amathandizidwa ndi chizolowezi cha Windows chobisa zilembo za kumapeto za mafayilo amene ikuwadziwa. M'mwezi wa Meyi 2000, vayirasi yotchedwa ILOVEYOU, imene inachokera ku Manila m'dziko la Philippines, inafalikira m'makompyuta mamiliyoni ambiri m'masiku ochepa kudzera pa imelo yonyamula fayilo ya dzina lakuti LOVE-LETTER-FOR-YOU.TXT.vbs. Zilembo zomaliza za .vbs, zimene zimasonyeza malamulo oti kompyuta ichite, zikabisika, olandira ankaona ngati ndi kalata wamba ya .txt, ndipo akangoidina inkawononga zithunzi ndi mafayilo ena n'kudzitumiza yokha kwa anthu onse a m'buku la maadiresi la Outlook. Chinyengo chomwechi chikugwirabe ntchito lero m'maina monga invoice.pdf.exe, ndipo lamulo loyenera kukumbukira ndi lakuti kompyuta imamvera zilembo za pambuyo pa kadontho komaliza basi.

Pachifukwa chimenechi, chinthu choyamba chimene mwini kompyuta aliyense ayenera kuchita ndi kulamula makina ake kuti azionetsa maina athunthu. Mu Windows 11 zimenezi zimachitika mu File Explorer posankha View, kenako Show, kenako File name extensions, mu Windows 10 kabokosi ka dzina lomweli kali pansi pa View, ndipo pa Mac kabokosi kofanana nako kali mu Finder, pa Settings, pansi pa Advanced. Maina akayamba kuoneka athunthu, pali zilembo zimene ziyenera kuchititsa munthu kuima kaye, monga .exe, .scr, .bat, .cmd, .msi, .vbs, .js ndi .lnk, chifukwa zonsezi zimatha kuyendetsa malamulo m'kompyuta. Makalata a Office othera ndi chilembo cha m, monga .docm ndi .xlsm, amanyamula timapulogalamu totchedwa macro, ndipo tinagwiritsidwa ntchito molakwika kwambiri moti mu 2022 Microsoft inayamba kutitsekereza m'mafayilo ochokera pa intaneti.

Amene amapita ndi fulashi kumalo osindikizira mapepala amadziwa bwino vayirasi imene imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Vayirasi imeneyi siifufuta mafodawo, koma imawabisa n'kuika m'malo mwake timafayilo ta .lnk tokhala ndi maina omwewo, timene timadziwika ndi kamuvi kakang'ono pakona ya chizindikiro chake komanso kuchepa kwa kukula kwake, ndipo munthu akadina kamodzi mwa ito vayirasiyo imalowa m'kompyuta yatsopano. Pa mafoni a Android chiopsezo chachikulu ndi fayilo ya .apk yotumizidwa pa WhatsApp ngati kalata yoitanira ku ukwati, chithunzi kapena fomu yofunsira ntchito. Kalata kapena chithunzi chenicheni sichingathere ndi .apk, chifukwa zilembozi zimasonyeza pulogalamu yoti ilowetsedwe m'foni, ndipo ikapatsidwa chilolezo chowerenga mauthenga ingathe kuona manambala achinsinsi amene mabanki ndi makampani osunga ndalama pa foni amatumiza kwa mwini wake.

Chizindikiro choopsa kwambiri ndi pamene mafayilo onse a m'kompyuta apezeka tsiku limodzi ali ndi zilembo zachilendo zofanana kumapeto kwake ndipo akukana kutseguka. Imeneyi ndi ntchito ya ransomware, vayirasi imene imatseka mafayilo ndi kiyi yachinsinsi n'kusiya uthenga wofuna ndalama, monga inachitira Locky mu 2016 ndi zilembo za .locky, komanso WannaCry mu Meyi 2017, imene inafika m'mayiko oposa 150 n'kusokoneza zipatala za boma ku Britain. Kuchotsa zilembo zowonjezerazo sikubwezeretsa kanthu, chifukwa zimene zasinthidwa ndi za m'kati. Choyenera ndi kuchotsa kompyutayo pa intaneti, kusalumikizako fulashi ina iliyonse, ndi kufufuza ngati pali chotsegulira chaulere pa No More Ransom, ntchito imene inayambitsidwa mu 2016 ndi apolisi a ku Netherlands, Europol ndi makampani oona za chitetezo cha makompyuta.

Ndondomeko yoyenera kutsata

Fayilo yachilendo ikafika, funso loyamba silikhudza pulogalamu koma gwero lake, ndipo akuluakulu ananena kale kuti safunsa anadya phula. Kuimbira foni munthu amene dzina lake lili pa uthengawo, n'kumufunsa ngati anatumizadi fayiloyo ndiponso pulogalamu imene anaipangira, kumathetsa mavuto awiri nthawi imodzi, chifukwa kumatsimikiza kuti akaunti yake sinabedwe komanso kumapereka mwayi womupempha kuti atumizenso m'mtundu wodziwika monga PDF kapena JPEG. Zikatero dzina lathunthu liyenera kuwerengedwa mpaka kumapeto, kukula kwa fayiloyo kuyerekezeredwe ndi chimene ikudzitcha, popeza kanema sangakhale wa makilobaiti awiri, ndipo antivirus ya m'kompyutamo iiunike isanatsegulidwe. Tsamba la VirusTotal, limene Google inagula mu 2012, limaunika fayilo ndi ma antivirus ambiri nthawi imodzi, koma zimene zatumizidwa kumeneko zingathe kuonedwa ndi akatswiri ena a zachitetezo, choncho si malo otumizako ziphaso, malipoti a kuchipatala kapena zikalata zachinsinsi za ntchito.

Chenjezo lomweli likukhudza masamba a intaneti amene amalonjeza kusintha fayilo kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina kwaulere, chifukwa fayilo yotumizidwa kumeneko imakhala yachoka m'manja mwa mwini wake. Mu Malichi 2025 ofesi ya FBI ya ku Denver inachenjeza kuti ena mwa masamba oterewa amabweza fayilo yosinthidwayo itanyamula vayirasi, kapena amatolera zinsinsi za m'zikalata zimene alandira. Mapulogalamu ochepa odalirika, otengedwa pa masamba a eni ake enieni, amakwanira pa ntchito zambiri, ndipo VLC, 7-Zip ndi LibreOffice pamodzi amatsegula mitundu yambiri ya mafayilo imene munthu wamba angakumane nayo, popanda kulipira kapena kutumiza chikalata kwa munthu wosadziwika.

Mafayilo amene adzafunike mawa

Nkhani ya fayilo yokana kutseguka ili ndi mbali ina imene imaoneka pakapita zaka, chifukwa mtundu wodziwika lero ungathe kudzakhala wachilendo pulogalamu yake ikadzasiya kupangidwa. Mu 1986 BBC inasonkhanitsa zithunzi, mapu ndi nkhani za moyo wa ku Britain, mothandizidwa ndi ana asukulu ambirimbiri, pokumbukira kuti panali patatha zaka 900 chilembedwere Domesday Book, kaundula wa malo ndi chuma wa mu 1086. Zonsezo zinasungidwa pa zimbale za LaserDisc zofuna makina apadera, ndipo pofika mu 2002 makinawo anali atasowa moti panafunika akatswiri a m'mayunivesite a Leeds ndi Michigan kuti apeze njira yowerengeranso zimbalezo, pamene buku la mu 1086 lija linali kuwerengekabe ndi maso. Zofanana ndi zimenezi zimachitikira maofesi, mipingo ndi mabanja amene ali ndi makalata a WordPerfect a .wpd, maakaunti a Lotus 1-2-3 a .wk1 kapena zolemba za Microsoft Works za .wps, ngakhale kuti mwamwayi LibreOffice imathabe kutsegula ambiri mwa amenewa. Microsoft inalengezanso kuti Okutobala 2026 ndiye mapeto a chisamaliro chake pa Publisher, zimene zikukhudza aliyense amene anasunga makalata a nkhani, mapulogalamu a misonkhano ndi ziphaso m'mafayilo a .pub.

Njira yodzitetezera ndi kusunga zinthu zofunika m'mitundu imene malamulo a kapangidwe kake ndi osabisika, moti aliyense angathe kulemba pulogalamu yoiwerenga. PDF, imene Adobe inatulutsa mu 1993, inavomerezedwa ndi bungwe la ISO mu 2008, ndipo mtundu wake wa PDF/A, umene unakhazikitsidwa mu 2005, unakonzedwera kusunga zikalata kwa nthawi yaitali, pamene OpenDocument, mtundu wa mafayilo a .odt ndi .ods, unavomerezedwa ndi ISO mu 2006. Udindo waukulu pa nkhaniyi uli m'manja mwa otumiza, makamaka maofesi amene amafalitsa mafomu ndi zidziwitso kwa anthu ambiri amene amaziwerengera pa foni, chifukwa fomu yotumizidwa m'mtundu wofuna pulogalamu yogula imatsekereza munthu amene alibe pulogalamuyo, ndipo imamukankhira ku masamba oopsa aja. Aphunzitsi a makompyuta m'masukulu ndi m'makoleji angachitenso bwino kuphunzitsa ana kuonetsa maina athunthu a mafayilo, kuwerenga zilembo zomaliza ndi kusuzumira pa chiyambi pa fayilo, pa nthawi yomweyo imene akuwaphunzitsa kutaipa ndi kusunga kalata, popeza luso limeneli silifuna ndalama ndipo limateteza zikalata, zithunzi ndi ndalama za anthu amene akudalira makinawa pa ntchito zawo za tsiku ndi tsiku.